Mau a Galimoto m'Cingerezi ca ku Britain ndi ca ku America

Munthu wa ku London akafuna kuona injini ya galimoto yake amatsegula "bonnet". Mnzake wa ku New York amatsegula "hood". Onse awiri amalankhula Cingerezi, ndipo citsulo cimene atsegula ndi cimodzimodzi. Kusiyana kotereku kumapezeka pa mbali zambiri za galimoto, pa mafuta ake ndi pa mseu womwe. Muno mu Zambia masukulu ndi amakanika amatsata Cingerezi ca ku Britain, pomwe mafilimu, nyimbo ndi zambiri za pa intaneti zimabwera ndi ca ku America. Nkhani ino ifotokoza kumene kusiyanaku kunacokera, mau amene amasokoneza anthu, ndi cifukwa cake amene anakula m'maiko awiriwa pakati pa 1950 ndi 1975 amaumirira mau a kwao kufikira lero.

Cifukwa cake mau anasiyana

Dziko la America linalengeza ufulu wake kucoka mu ulamuliro wa Britain mu 1776. Kuyambira pamenepo Cingerezi ca tsidya lino ndi ca tsidya ilo la nyanja ya Atlantic cinayamba kuyenda njira zosiyana. Mu 1828 Noah Webster anasindikiza dikishonale yake yaikulu, imene inakhazikitsa kalembedwe ka ku America monga "color" ndi "center", pomwe a ku Britain amalemba "colour" ndi "centre".

Galimoto inabwera pambuyo pake. Karl Benz wa ku Germany analembetsa galimoto yake yoyendera petulo mu 1886, ndipo pa nthawiyo maiko awiriwa anali atakhala padera zaka zoposa 100. Kunalibe wailesi yogwirizanitsa kalankhulidwe ka anthu. Motero dziko lililonse linapatsa maina mbali za makina atsopanowa posewenzetsa mau amene linali nao kale, makamaka mau a zovala ndi a ngolo zokokedwa ndi akavalo. Zinateronso ndi njanji, imene a ku Britain amati "railway" ndipo a ku America amati "railroad".

Mau amene maiko onse awiri anabwereka ku France, dziko limene linatsogola pa kupanga magalimoto m'zaka zoyambirira, ndi ofanana. Ena a iwo ndi "garage", "chauffeur" ndi "limousine". Kampani ya Ford ya ku America inatsegula fakitale ku Manchester mu 1911 ndi kuyamba kupanga galimoto ya Model T kumeneko, komabe ogula a ku Britain anapitiriza kuchula mbali zake ndi mau a kwao.

Mbali za galimoto

Mau a "bonnet" ndi "hood" onse amatanthauza covala ca kumutu. Dziko lililonse linasankha cisoti cake covundikira injini. Covuta ndi cakuti ku Britain liu la "hood" lilikonso, koma limatanthauza denga lansalu lopindika la galimoto yotseguka pamwamba.

Malo a katundu kumbuyo kwa galimoto a ku Britain amati "boot", dzina la malo osungiramo katundu pa ngolo zakale za akavalo. A ku America amati "trunk", kutanthauza bokosi lalikulu la apaulendo, longa lija limene ana a sukulu zogonera konko amalongamo katundu wao. Kufikira m'ma 1930 magalimoto ambiri analibe malo otsekeka a katundu, ndipo mwini galimoto anali kumangirira bokosi lenileni kumbuyo. Bokosilo linalowa m'thupi la galimoto, koma dzina linatsala.

Mau ena ofala ndi awa, loyamba la ku Britain ndipo laciwiri la ku America:

Galasi lakutsogolo: "windscreen", "windshield".
Citsulo ca pamwamba pa wilo: "wing", "fender".
Cocepetsa phokoso la utsi: "silencer", "muffler".
Nyale zosonyeza kukhota: "indicators", "turn signals".
Cikwangwani ca nambala: "number plate", "license plate".
Copondapo kuti galimoto ithamange: "accelerator", "gas pedal".
Sipana: "spanner", "wrench".
Tayala: "tyre", "tire".

Pa liu la tayala, kalembedwe ka "tire" kanali kofala m'maiko onse awiri kale. A ku Britain ndiwo anabwerera ku "tyre" m'zaka za m'ma 1800.

Mitundu ya magalimoto

Galimoto wamba ya zitseko zinayi ku Britain ndi "saloon", liu la cipinda cacikulu limene linali kusewenzetsedwanso pa mabogi abwino a sitima. Ku America ndi "sedan", kucokera ku mpando wochingidwa umene amuna awiri anali kunyamulirapo munthu wolemera, monga mmene macila analili kuno.

Galimoto yaitali yokhala ndi citseko kumbuyo ku Britain ndi "estate car", pakuti inali ya eni minda yaikulu ya kumidzi. Ku America ndi "station wagon", pakuti nchito yake yoyamba inali kukatenga alendo ndi katundu wao ku siteshoni ya sitima. Galimoto yaikulu ya katundu ku Britain ndi "lorry", liu limene linayamba kulembedwa pa njanji za kumpoto kwa England m'ma 1830. Ku America ndi "truck", ndipo masiku ano liu limeneli limamvekanso kwambiri ku Britain.

Mafuta ndi miyeso

Liu la "petrol" linafala ku Britain pamene kampani ya Carless, Capel and Leonard ya ku London inayamba kugulitsa mafuta a galimoto ndi dzinali m'ma 1890. A ku America anasunga liu la "gasoline", ndipo analifupikitsa kukhala "gas". Conco munthu wa ku America akanena kuti afuna "gas" pa galimoto yake, afuna petulo, osati gasi wophikira. Momwemonso palafini wa m'nyale, amene a ku Britain amati "paraffin", ku America ndi "kerosene".

Muyeso wa galoni nawonso ndi wosiyana. Galoni ya ku America ili ndi malita 3.785, pomwe ya ku Britain, imene inakhazikitsidwa mu 1824, ili ndi malita 4.546. Galimoto imene buku la ku America likuti imayenda mamailosi 30 pa galoni, buku la ku Britain lidzati imayenda mamailosi 36. Kwa ife amene timagula mafuta pa malita, zonsezi zitanthauza pafupifupi makilomita 13 pa lita imodzi. Wogula galimoto amene sanafunse kuti ndi galoni iti angathe kuganiza kuti galimoto ina imadya mafuta pang'ono pomwe ndi zofanana.

Mau a pamseu

Liu loopsa koposa ndi "pavement". Ku Britain limatanthauza njira ya oyenda pansi m'mbali mwa mseu. Ku America njira imeneyi ndi "sidewalk", ndipo "pavement" ndi phula la mseu weniweni, pamene magalimoto amapita. Mseu waukulu wothamangamo ndi "motorway" ku Britain, ndipo ku America ndi "freeway" kapena "interstate". Malo oimika magalimoto ndi "car park" ndi "parking lot". Pozungulira magalimoto pa mphambano ndi "roundabout" ku Britain. Ku America akale anali kunena "traffic circle" kapena "rotary", ngakhale kuti liu la "roundabout" lafala kumenekonso. Powolokera oyenda pansi ndi "zebra crossing" ndi "crosswalk".

Pamwamba pa mau, pali kusiyana kwa mbali yoyendako. Ku Britain magalimoto amayenda kumanzere kwa mseu ndipo ciwongolero cili kumanja. Ku America amayenda kumanja ndipo ciwongolero cili kumanzere. Motero mau akuti "driver's side", mbali ya dalaivala, amatanthauza mbali zosiyana m'maiko awiriwa.

Acinyamata ndi galimoto ku America

Mau ambiri amene akuluakulu a ku America amawakumbukira mokondwa anabadwa itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse mu 1945. Cuma cinakwera, petulo anali wochipa, ndipo m'zigawo zambiri mnyamata kapena mtsikana wa zaka 16 anali kuloledwa kutenga laisensi. Magalimoto a Ford a m'ma 1930 anali kupezeka pa mtengo wotsika. Anyamata, ena a iwo ataphunzira umakanika ku usilikali, anali kucotsa zitsulo zolemera pa magalimotowa ndi kukonza injini kuti ikhale ya liwiro. Galimoto yotere inachedwa "hot rod". Magazini ya dzina lomweli inayamba kutuluka mu 1948, ndipo mu 1951 Wally Parks anakhazikitsa bungwe la National Hot Rod Association ndi colinga cocotsa mipikisano m'miseu ya anthu onse kuti izicitikira pa malo okonzedwa.

Cizolowezi cina cinali "cruising", ndiko kuyendetsa galimoto pang'onopang'ono mu mseu waukulu wa tauni madzulo, kupita ndi kubwerera, pofuna kuonana ndi anzao ndi kuonetsa galimoto. Miseu ya Woodward Avenue ku Detroit ndi Van Nuys Boulevard ku Los Angeles inachuka ndi zimenezi. Kunalinso malo ochedwa "drive-in", kumene anthu anali kuonera kanema kapena kudya ali m'galimoto. Malo oyamba odziwika oonetserako kanema mwa njira imeneyi anatsegulidwa ku Camden m'cigawo ca New Jersey mu 1933, ndipo pofika 1958 anali oposa 4,000 m'dziko lonselo.

Mu 1956 mtsogoleri wa dzikolo Dwight Eisenhower anasaina lamulo lomanga miseu yaikulu yolumikiza zigawo. Makampani nawo anaona kuti acinyamata ali ndi ndalama. Mu April 1964 Ford inatulutsa Mustang, ndipo pasanathe zaka ziwiri inali itapanga magalimoto otere 1 miliyoni. Nyengo yomweyo kunatuluka Pontiac GTO, imene ambiri amaitenga kukhala ciyambi ca magalimoto a injini zazikulu ochedwa "muscle cars".

Acinyamata ndi galimoto ku Britain

Ku Britain zinthu zinali zothina. Boma linali kugawa petulo mwa muyeso kufikira 1950, ndipo linabwerezanso kutero kwa miyezi ingapo pambuyo pa mkangano wa ngalande ya Suez mu 1956. Kufikira ca m'ma 1947 msonkho wa galimoto unali kuwerengedwa malinga ndi kukula kwa masilinda, cinthu cimene cinazoloweretsa makampani kupanga injini zazing'ono. Miseu inali yopapatiza, ndipo laisensi ya galimoto inali kuyambira pa zaka 17. Anyamata ambiri a m'ma 1950 anayambira pa njinga zamoto, ndipo malo odyera a Ace Cafe ku London anali pokumanira pao.

Kusowa kwa mafuta kwa mu 1956 ndiko kunabala galimoto yochuka koposa ya dzikolo. Mini, imene inakonzedwa ndi Alec Issigonis, inatuluka mu 1959. Inali yotalika mamita atatu cabe, koma inali kunyamula anthu anayi. Inapambana mpikisano wa Monte Carlo mu 1964, 1965 ndi 1967, ndipo pofika mu 2000, pamene kupanga kwake kunalekeka, inali itaposa 5 miliyoni. Pambuyo pake kunabwera Ford Cortina mu 1962, Escort mu 1968 ndi Capri mu 1969. Mseu wa M1 unatsegulidwa mu 1959 wopanda malire a liwiro, kufikira mu 1965 pamene boma linaika malire a mamailosi 70, kapena makilomita 113, pa ola.

Galimoto yoyamba ya wacinyamata wa ku Britain kawirikawiri inali yakutha, ndipo anali kuichula kuti "banger" cifukwa ca kuphulika kwa utsi wake. Mnzake wa ku America anali kunena "jalopy" kapena "clunker". Loweruka linali tsiku logona pansi pa galimoto ndi sipana m'manja, potsata mabuku a kakonzedwe a kampani ya Haynes, amene anayamba kutuluka m'ma 1960.

Kutha kwa nyengoyi

Mu October 1973 maiko a Aluya otulutsa mafuta anacepetsa mafuta opita ku maiko a azungu, ndipo mtengo wake unakwera pafupifupi kanayi. Mu 1974 America inaika malire a liwiro a mamailosi 55 pa ola m'dziko lonse, lamulo limene linacotsedwa mu 1995. Malamulo oteteza mpweya ndi kukwera kwa inshuwalansi zinafooketsa msika wa injini zazikulu. Matauni ambiri analetsa "cruising" podandaula za phokoso, ndeu ndi kudzaza kwa miseu. Mseu wa Route 66, wocokera ku Chicago kupita ku Los Angeles, umene unakhazikitsidwa mu 1926, unafafanizidwa pa mndandanda wa miseu ya boma mu 1985. Malo oonera kanema m'galimoto atsala pafupifupi 300. Ku Britain Cortina inalekeka mu 1982, ndipo kampani ya MG Rover inagwa mu 2005.

Acinyamata nawo anasintha. Kafukufuku wa ku University of Michigan anapeza kuti mu 1983 ana a zaka 16 okwana 46 pa 100 alionse ku America anali ndi laisensi, koma mu 2014 anali osakwana 25 pa 100. Zambiri zimene kale zinali kufuna galimoto, monga kuceza ndi anzako ndi kumvera nyimbo kutali ndi makolo, tsopano zimacitika pa foni.

Kupukwa zaunyamata

Azungu ali ndi liu lakuti "nostalgia", limene dokotala wacinyamata Johannes Hofer analipanga ku Basel mu 1688 pofotokoza kupukwa kwa anthu a ku Switzerland okhala kutali ndi kwao. Lero limatanthauza kupukwa masiku amene anapita. Akatswiri a maganizo anapeza kuti okalamba amakumbukira kwambiri zimene zinacitika pamene anali pakati pa zaka 10 ndi 30. Galimoto yoyamba, laisensi yoyamba ndi cibwenzi coyamba zimagwera m'zaka zimenezi, pamodzi ndi mau amene munthu anaphunzira pa nthawiyo. Ici ndi cifukwa cake mkangano wa "boot" ndi "trunk" umatentha kuposa mmene mau awiri cabe angafunire. Aliyense amateteza liu limene analimva kwa atate ake kapena kwa makanika amene anamuphunzitsa.

Kupukwaku kunayamba msanga. Filimu ya George Lucas yochedwa American Graffiti, yosimba za usiku umodzi wa "cruising" m'tauni ya ku California mu 1962, inatuluka mu 1973, miyezi yowerengeka vuto la mafuta lisanayambe. Kuyambira 1995, mwezi wa August uliwonse eni magalimoto akale amasonkhana pa mwambo wa Woodward Dream Cruise kufupi ndi Detroit. Ku England mwambo wa Goodwood Revival, kumene anthu amavala zovala zakale ndi kuonera mipikisano ya magalimoto akale, unayamba mu 1998. Boma la Britain sililipiritsa msonkho wa pamseu magalimoto a anthu wamba opitirira zaka 40 amene alembetsedwa monga akale. Ku California lamulo locotsa ziletso za "cruising" linayamba kugwira nchito mu January 2024, pambuyo pa madandaulo a magulu a eni magalimoto, makamaka a anthu ocokera ku Mexico.

Mauwa analowanso m'miyambo ina. Ku Britain kuli msika wochedwa "car boot sale", kumene anthu amagulitsa katundu wakale kucokera m'buti ya galimoto. Ku America kuli "tailgate party", phwando locitikira pa citseko cakumbuyo ca galimoto mpira usanayambe.

Mau amene tinatengera muno

Dziko lino linali pansi pa Britain kufikira 1964, ndipo Cinyanja cimacitira umboni za amene anatiphunzitsa galimoto. Timati motoka, kucokera ku "motor car". Timati boneti, buti, petulo, palafini, lole, sipana, sailensa ndi indiketa, onsewa a ku Britain. Liu la galimoto lenilenilo lili ndi "gari", liu la Ciswahili lotanthauza ngolo. Tilinso ndi mau athu a kumwera kwa Africa amene munthu wa ku London kapena wa ku New York sangawamve. Nyale za pamphambano timati maloboti, ndipo galimoto yaing'ono yotseguka kumbuyo ambiri amati vaneti. Acikulire amene anakwera Land Rover, Peugeot 504 kapena Fiat zimene zinali kumangidwa ku Livingstone m'ma 1970 amazisimba ndi mau omwewa.

Popeza timayenda kumanzere monga Britain ndi Japan, magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale nchito amene timagula amacokera ku maiko amenewa. Koma zofotokoza za kakonzedwe ndi masitolo ambiri a pa intaneti ndi za ku America. Woitanitsa zitsulo ayenera kusamala pa zinthu zitatu. Coyamba, adziwe maina onse awiri a citsulo cimene afuna. Caciwiri, asadalire mau akuti mbali ya dalaivala, koma anene kumanja kapena kumanzere monga aonera munthu wokhala pa mpando woyang'ana kutsogolo, ndipo apereke nambala ya citsulo ndi nambala ya chasisi. Cacitatu, akumbukire kuti nyale zakutsogolo za galimoto yoyenda kumanja kwa mseu zimaponya kuwala mbali ina, motero muno zimathobwa m'maso oyendetsa amene akubwera kutsogolo.

Ana a sukulu nawo akumbukire kuti kalembedwe kophunzitsidwa muno ndi ka ku Britain. Kompyuta ndi foni zambiri zimabwera zitaikidwa pa Cingerezi ca ku America, ndipo zimasintha "tyre" kukhala "tire" mwini wake osadziwa. Mitundu yonse iwiri ndi yolondola kwao, koma m'kalata kapena m'mayeso ndi bwino kusankha umodzi ndi kuutsata kufikira kumapeto.

Kusiyanaku kukali kupitirira. Magalimoto ambiri oyendera magetsi alibe injini kutsogolo, ndipo pamalopo pali mosungira katundu. A ku America anapatsa malowa dzina lakuti "frunk", kucokera ku "front trunk". Ku Britain ena amati "froot", kucokera ku "front boot", ngakhale kuti liu la ku America ndilo likumveka kwambiri.